Takuza misewu ya Lilongwe, koma takuzira ndani?

Nthawi ili 6 koloko m'mawa pa siteji ya Nsungwi ku Area 25. Minibasi yaima injini ikulira, dalaivala akuponda mafuta ngati akunyamuka pompano, woitanira akumenya chitseko ndi chikhatho: "Tauni! Tauni! Awiri otsala! Mayi bwerani, ikupita iyi!" Ndinasuzumira mkati, ndinaona mitu yambiri, ndinakwera. Nditangokhala, mnyamata amene anali pambali panga anatsika mwakachetechete n'kukalowa m'minibasi yakumbuyo. Winanso anatsika. Aja sanali apaulendo, anali nyambo. Tinakhala pamenepo mphindi 20, mayi wina beseni la mandasi lili pamiyendo, bambo wovala yunifolomu ya ulonda akusinza mutu uli pagalasi, kondakitala atapinda msana pakhomo, ndalama zamapepala atazikulunga pakati pa zala.

Titanyamuka tinathamanga bwino ndithu pa msewu watsopano wotakata uja. Koma poyandikira tauni tinalowa mumdipiti wa magalimoto, ndipo pamenepo m'pomwe ndinayamba kuyang'ana anzathu oyandikana nafe. Kumanja galimoto yaikulu yoyera, munthu mmodzi, akuyankhula pafoni. Kutsogolo kwake ina, munthu mmodzinso. Ife anthu 16 othinana ngati matemba m'thumba tinali kudikira pamzere umodzi ndi iwo, ndipo malo amene magalimoto awiri ajawo anatenga pamsewu anali aakulu kuposa athu tonse. Msewu umene ndi wathu tonse unali kugawidwa powerenga magalimoto, osati anthu.

Ndikufuna ndinene mosapita m'mbali. Misewu imene yakuzidwa mu Lilongwe zaka zapitazi ndi yabwino, ndipo sindili m'gulu la anthu amene amanyoza chilichonse chimene boma lamanga. Koma ngati pamisewu imeneyi sitipatula mzere umodzi wa mabasi okhaokha, ndipo ngati sitisintha mmene eni maminibasi ndi madalaivala amapezera ndalama, ndiye kuti tangogula zaka zochepa za mpumulo pamtengo wokwera kwambiri. Mdipiti ubweranso, ndipo ukadzabwera sipadzakhalanso malo okuzira.

Tiyambe ndi mmene mzindawu unabadwira, chifukwa vuto lili m'mafupa ake. Pa kalembera wa 1966, Lilongwe inali katauni ka anthu osakwana 20,000. Boma la Kamuzu Banda litasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, chiwerengero chinali chitayamba kale kuthamanga: pafupifupi 99,000 mu 1977, kupitirira 670,000 mu 2008, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318, kuposa Blantyre imene inali ndi 800,264. Lero tadutsa miliyoni kalekale. Koma amene anajambula mzindawu, mothandizidwa ndi ndalama komanso akatswiri a ku South Africa, ankalota mzinda wa mitengo ndi mabwalo, wokhala m'zigawo zotalikirana: Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi, pakati pake tchire ndi misewu italiitali. Ndi mzinda wokoma kwa munthu amene ali ndi galimoto. Kwa mlonda wa ku Chinsapo amene amagwira ntchito ku Kanengo, ndi maminibasi awiri kupita, awiri kubwera, ndipo ayenera kutsika kudepoti ku Old Town ngakhale alibe chochita kumeneko, chifukwa pafupifupi njira zonse za maminibasi zimathera pamalo amodzi omwewo. Ambiri a ku Mtandire, Kauma, Mgona ndi Mtsiliza analeka n'komwe kuwerengera za minibasi. Amalawira mbandakucha wapansi, m'mphepete mwa phula momwe mulibe njira ya oyenda pansi, nsapato za kuntchito zili m'jumbo.

Achikulire amakumbukira nthawi ya mabasi a kampani ya United Transport Malawi (UTM), kenako Stagecoach, kenako Shire Bus Lines. Basi inkabwera pa nthawi yake, unkapatsidwa tikiti, ndipo inkanyamuka kaya yadzaza kaya ayi. Sindikufuna kukometsa zakale mopitirira, pakuti mabasi aja anali ochepa ndipo anthu ankaima pasiteji mpaka miyendo kuuma. Koma kunali wina amene anali ndi udindo woonetsetsa kuti anthu a mumzinda ayenda. Malamulo atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, maminibasi anadzaza misewu, ndipo Shire Bus Lines itatsekedwa mu 2007 boma linasamba m'manja pa nkhani yonyamula anthu m'mizinda. Kuyambira pamenepo ntchito ya boma yakhala kupereka ziphaso, kuimika apolisi pamsewu ndi kukangana ndi eni maminibasi za mitengo mafuta akakwera. Kulamula kuti pampando pazikhala anthu atatu osati anayi, kapena kuletsa oitanira, ndi kukonza khalidwe chabe. Si kukonza kayendedwe ka mzinda. Oitanira analetsedwa kale, koma pitani pa siteji iliyonse mawa m'mawa mukawapeza.

Timakonda kutukwana madalaivala a minibasi kuti ndi amisala. Ayi, ambiri ndi anthu oganiza bwino amene akuchita masamu. Mwini galimoto amafuna tageti yake madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula kaya kunali maliro. Mafuta amagula dalaivala yemweyo, woitanira amafuna yake pa ulendo uliwonse, ndipo chimene chatsala ndiye chogawana dalaivala ndi kondakitala. Munthu wotere akaona mayi ataima m'mbali mwa msewu, amaona ufa wa ana ake, ndiye adula kutsogolo kwa aliyense kuti amufike mnzake asanamutole. Sanganyamuke ndi mipando yopanda anthu, n'chifukwa chake nyambo zija. Sangapite ku dera la msewu woipa kapena la anthu ochepa. Masana anthu akachepa amakutsitsani pakati panjira n'kukugulitsani kwa minibasi ina ngati mbuzi. Madzulo mvula ikagwa mtengo umakwera pompo. Mungamulipitse chindapusa kakhumi, mawa achitanso zomwezo, chifukwa chimene chikumuyendetsa si nkhanza koma tageti.

Pamwamba pa izi pabwera ma Sienta ndi njinga zamoto za kabaza. Zonsezi zabwera chifukwa panali mpata woti zilowe, ndipo zathandiza anthu, tisakane. Koma Sienta imanyamula anthu ochepa kuposa minibasi, ndipo njinga imanyamula mmodzi, kapena atatu ngati mwini wake sakuopa imfa. Mzinda ukukula, koma chonyamulira anthu chikunka chichepa. Amene anapitako kukazonda wodwala m'chipinda cha othyoka mafupa akudziwa malipiro a kabaza opanda chisoti.

Tsono yankho lathu lakhala phula. Msewu wodutsana m'mwamba wa pa Area 18, msewu wa Kenyatta umene unakuzidwa kufika mizere 6 mitengo yambiri itagwetsedwa mu 2021, M1 kuchokera pa Crossroads kukafika ku Kanengo, mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town. Masiku oyamba aliyense amasangalala, ndipo inenso ndinasangalala. Koma msewu wotakata uli ndi khalidwe lake: umaitana magalimoto. Munthu amene ankazengereza kugula galimoto akaona kuti msewu wamasuka, amaitanitsa yake ku Japan, imatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Amene ankakhala ku Area 47 amagula malo ku Njewa kapena ku Airwing poti "tsopano ndi pafupi". Pakapita zaka zingapo mizere yonse yadzaza, ndipo pokhotera kulowa ku Old Town, pomwe misewu singakuzidwe popanda kugwetsa masitolo, pamakhala ngati pakamwa pa botolo. Mizinda yolemera kuposa yathu inayesa njira imeneyi n'kulephera. Ku Houston, ku America, anakuza msewu wa Katy Freeway mu 2008 mpaka malo ena kupitirira mizere 20, ndipo patangopita zaka zochepa anthu anayambanso kuchedwa panjira monga kale.

Masamu ake ndi osavuta. Anthu 60 opita ku City Centre atakwera magalimoto awo, awiriawiri, ndi magalimoto 30. Atakwera maminibasi ndi anayi. Atakwera basi yaikulu ndi imodzi. Koma basi imodziyo ikaima kumbuyo kwa magalimoto 30 aja, palibe chimene yapindula, ndipo aliyense wokwera basiyo amangolota tsiku limene adzagule yake galimoto. Chinsinsi chili pa kuipatsa basi njira yakeyake, yoti ikamadutsa anthu a m'magalimoto aziyiona ikupita iwo ataima. Tsiku limene mkulu wa mu ofesi adzaone kuti mesenjala wake wafika msanga kuposa iye, adzayamba kusiya galimoto kunyumba popanda womukakamiza.

Amalonda athu amene amakapikula katundu ku Kariakoo anaziona kale zimenezi ndi maso. Ku Dar es Salaam mabasi amene eni ake amawatcha mwendokasi anayamba kuyenda mu 2016, pa njira ya makilomita pafupifupi 21, kuchokera ku Kimara kutsata msewu wa Morogoro mpaka ku Kivukoni, ndi nthambi zopita ku madera a Gerezani ndi Morocco mumzinda momwemo. Mabasi ali ndi mizere yawo pakati pa msewu, yotchingidwa ndi konkire, ndipo munthu amalipira asanakwere. Ulendo umene unkatha maola awiri unatsika kufika pa mphindi pafupifupi 45. Ndalama zambiri zomangira zinachokera ku World Bank. Koma wamalonda yemweyo akuuzaninso mbali inayo: mabasi anachepa, ena anawonongeka osakonzedwa, anthu amathinana pasiteji mpaka ena kulowera pawindo, ndipo depoti inamangidwa ku Jangwani, m'dambo la mtsinje wa Msimbazi, komwe madzi osefukira anawononga mabasi kangapo. Phunziro lake kwa ife ndi lowawa koma lothandiza. Kumanga konkire ndi mbali yophweka, chifukwa opereka ngongole amaikonda ndipo andale amapeza chodulira riboni. Chovuta ndi chaka chachisanu, pamene pafunika matayala, zipangizo ndi mabasi owonjezera, ndipo palibe amene anasunga ndalama yake.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikamva wina akulonjeza sitima zamagetsi za mumzinda. Addis Ababa inatsegula zake mu 2015 pamtengo wa madola 475 miliyoni, ambiri a ngongole, ndipo patapita zaka zochepa sitima zambiri zinali zitaima chifukwa chosowa zipangizo. Ife amene magetsi amatizimira madzi akachepa mu Shire tisayambire pamenepo. Tiyambire pa basi, imene makaniko wa ku Biwi angathe kuitsegula n'kuikonza.

Ndikudziwa zimene anthu anganene, ndipo zina mwa izo ndi zomveka.

Choyamba ndi ndalama. Dziko limene likusowa ndalama zakunja zogulira mankhwala ndi feteleza lingagule mabasi? Funsoli ndi loona, koma tiliyang'ane mbali zonse. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limene timawotcha pamdipiti limagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo, n'kuyenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Tonse tagonapo pamizere ya mafuta zaka zapitazi, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya minibasi inalumpha. Mzinda umene umanyamula anthu ake m'magalimoto ang'onoang'ono zikwizikwi umamwa mafuta ambiri pa munthu aliyense kuposa umene umawanyamula m'mabasi. Tikulipira kale, kungoti tikulipira mobalalika, aliyense m'thumba mwake, ndiye sizioneka mubajeti. Komanso gawo lodula kwambiri, phula lenilenilo, latha kale pa misewu ingapo. Chotsala ndi kakhoma ka konkire, masiteji a denga ndi kulimba mtima.

Ndanena kakhoma, osati penti. Tisanamizane, mzere wongopaka utoto sungathe sabata mu Lilongwe. Woyamba kulowamo adzakhala wa Sienta, wachiwiri adzakhala bwana wa galimoto ya boma atayatsa magetsi onse.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi anthu amene amadya za minibasi: eni ake, madalaivala, makondakitala, oitanira, otsuka magalimoto, amayi ogulitsa nsima kudepoti. Anthu amenewa ananyamula mzinda uno zaka 30 pamene boma linali litautaya, ndipo pulani iliyonse yowaona ngati zinyalala zofunika kusesa idzalephera, mwinanso ndi miyala. Abale athu okhala ku Joni akukumbukira mmene zinalili mu 2009 mabasi a Rea Vaya atayamba kuyenda pakati pa Soweto ndi pakati pa mzinda wa Johannesburg: eni mataxi ananyanyala, ndipo mabasi ena anawomberedwa. Mtendere unabwera pamene eni mataxi oposa 300 anapereka magalimoto awo n'kukhala eni masheya a kampani yoyendetsa mabasiwo, ndipo madalaivala ambiri anaphunzitsidwa n'kulembedwa ntchito ya pamwezi. Kampaniyo yakumana ndi mavuto a ndalama pambuyo pake, sindibisa, koma mfundo yake ndi yolondola: amene ali pamsewu lero akhale eni a zamawa. Kuno tili ndi bungwe la eni maminibasi, Minibus Owners Association of Malawi, ndipo kukambirana kuyambire kumeneko, poyera, pamodzi ndi madalaivala ndi makondakitala amene nthawi zambiri sayitanidwa kumisonkhano ya kuhotela.

Ndipo mgwirizano wake ukhale wosintha masamu aja. Kampani yoyendetsa mabasi izilipidwa potengera makilomita amene basi yayenda pa nthawi yoikika, osati mitu imene yatola. Ndalama za okwera zizilowa m'thumba limodzi, kudzera pa khadi kapena pa foni, pakuti Airtel Money ndi Mpamba zili kale m'manja mwa anthu, ndipo ku Kigali akhala akulipira basi ndi khadi kwa zaka zambiri tsopano. Dalaivala wolandira malipiro a pamwezi alibe chifukwa chothamangitsana ndi mnzake, alibenso chifukwa chodikira kuti basi idzaze. Ndipo mlonda wa ku Chinsapo uja angathe kusintha basi popanda kulipira kawiri. Maminibasi sadzatha ayi. Adzakhala ndi ntchito yotola anthu m'makwalala a Area 36, Kaliyeka, Chigwirizano ndi Area 49 n'kuwafikitsa pa njira yaikulu, maulendo aafupi obwerezabwereza m'malo motha theka la tsiku ataima pamdipiti.

Chachitatu, ena amati Lilongwe ndi yomwazikana kwambiri, mabasi aakulu sangadzaze. Zoona mzindawu ndi womwazikana, koma anthu ake ambiri amakhala mothinana m'madera owerengeka, ndipo m'mawa onse amatsikira m'misewu itatu kapena inayi: wochokera ku Area 25 kudzera ku Kanengo, wa ku Likuni wodutsa pa Chinsapo, wa ku Area 23 ndi Kawale, ndi M1 wochokera kummwera. Amene akukayika akaime pa umodzi mwa misewu imeneyi 7 koloko m'mawa awerenge mitu. Ndipotu kuwerenga kumeneku ndi ntchito yoyamba imene ikufunika. Ku Nairobi ophunzira a payunivesite anakwera maminibasi a kumeneko, otchedwa matatu, ndi mafoni m'manja, n'kutulutsa mapu a njira zonse mu 2014. Ophunzira athu angachite zomwezo pa tchuthi chimodzi, pamtengo wochepa kuposa wa msonkhano umodzi wa kunyanja.

Mapepala si vuto lathu. Mu 2010 akatswiri a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, anamaliza pulani yaikulu ya mmene Lilongwe iyenera kukulira kufika 2030. Pali pulani ya zamtengatenga ya dziko lonse ya 2017 mpaka 2037. Masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa mizinda ngati umodzi mwa mizati yake itatu. Chimene chikusowa ndi mwini nkhani. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ndalama zake zili ku Roads Fund Administration, ziphaso zimachokera ku nthambi ya Road Traffic, masiteji ndi madepoti ndi a khonsolo, malo amagawidwa ndi unduna wa zamalo, ena ndi Malawi Housing Corporation, ena ndi mafumu. Aliyense ali ndi kachidutswa kake, ndipo mungazungulire maofesi onsewa osapeza munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti namwino wa ku Area 23 wafika kuntchito 7:30. Pakufunika bungwe limodzi loyang'anira kayendedwe ka anthu mumzinda, lokhala ndi mphamvu yogawa njira, kusaina migwirizano ndi kusunga ndalama zake, ndipo gawo la msonkho wa pamafuta umene anthu a mumzinda amalipira lizipita kumeneko. Ngati tinatha kuika zipata zolipiritsa pa Chingeni ndi pa Kalinyeke kuti tizikonzera M1, sitingalephere kupeza njira yolipirira mabasi.

Koma chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi nthaka. Basi tingagule chaka chilichonse, koma malo oyendamo basi akapita apita. Mwezi wathawu ndinaperekeza mlamu wanga kukaona puloti imene wagula kunja kwa mzinda, mbali ya kumadzulo. Zaka zisanu zapitazo kumeneko kunali minda ya chimanga. Lero ndi maziko okhaokha, njerwa zowotcha zili milumilu, mipanda ikukwera. Wogulitsa malo, mnyamata waulemu ndithu, anatiyendetsa ndi tepi m'manja akutionetsa zikhomo. Ndinamufunsa kuti msewu waukulu udzadutsa pati. Analoza kanjira kamene galimoto ziwiri sizingapatukirane, n'kunena kuti, "Ndi umenewu bwana, tasiya mamita 6." Ndinafunsa za siteji, za msika, za pomwe basi ingatembenukire. Anaseka, akuganiza kuti ndikucheza.

Mlamu wanga wayamba kale kuumba njerwa. Anzake mazanamazana akuchita chimodzimodzi kuzungulira mzinda wonse, ku Njewa, ku Chitedze, njira ya ku Bunda, njira ya ku Salima, mpaka ku Nathenje. Pofika chaka chimene a khonsolo adzafune kupititsako basi, adzapeza nyumba zamalata mbali zonse ziwiri za kanjira ka mamita 6 kaja, ndipo ndalama zimene zikanagula mabasi zidzathera kulipira chipukuta misozi kwa eni nyumba zogwetsedwa. Kukhoma zikhomo lero, kusiya mamita 30 kapena 40 m'njira zimene mzinda ukulowera ndi kukambirana ndi mafumu kuti malo amenewo asagulitsidwe, sikufuna ngongole ya World Bank. Kukufuna munthu woyeza malo, galimoto imodzi ndi matumba angapo a simenti, chilimwe chino, anthu asanawotche mauvuni ena.